ADaka ndi Chitsulo Chimene Chinatsala ku Luembe

Mailo masana foni yanga inalila ndili kumsika wa Nyimba, ndikusankha chubu cha njinga. Woimbayo ngakhale moni sanapeleke. Anangoti iye ndi folomani wa gulu lina lokumba mijigo, ali ku Kalindawalo, biti yawo yagwidwa pansi lelo ndi tsiku lachitatu, ndipo wina wamuuza kuti ine ndingampezele aDaka.

"Bambo, mwachedwa," ndinatelo. "ADaka tinawaika m'manda chaka chatha, mwezi ngati uno."

Anafunsa ngati anasiya munthu wodziwa nchitoyo. Ndinadula foni. Sikuti ndine wamwano, iyayi, koma funso limenelo linandilasa pamalo oipa. Ndinachoka pasitolo paja chubu osagula.

ADaka anali alamu anga, amuna a alongo anga aakulu, aEsinati. Dzina lawo loyamba linali Yonamu, koma amene anali kulitchula ndi aEsinati okha, ndipo ukalimva unali kudziwa kuti pakhomo pavuta. Anthu okumba anali kuwatchula kuti aMsodzi. Zoseketsa n'zakuti munthuyo sanagwilepo ngakhale kansomba kamodzi moyo wake wonse. Koma pa nchito yokumba, kutulutsa chitsulo chimene chatsala m'dzenje amati kuwedza, ndipo kuyambila ku Petauke mpaka ku Luangwa kunalibe wowedza ngati iwo.

Kwa amene simunaimepo pambali pa makina okumba, nkhani yake ili motele. Pansi penipeni pamakhala biti, mutu wachitsulo wa mano umene umadya mwala. Pamwamba pake pamakhala hamala yoimenya, ndiye kenako malodi, mipope yachitsulo yolumikizana mpaka kufika kumtunda. Nthaka ikagumukila pamwamba pa biti, yagwidwa basi. Ukakoka mwaukali, penapake pamaduka, ndipo biti ndi hamala zimatsala pansi, m'dzenje lopapatiza ngati mbale yandiwo. Dzanja silifikako, diso silifikako. Apa ndi pamene anthu akuluakulu ovala zipewa zoyela anali kutumiza uthenga kwa nkhalamba ya panjinga.

Nchitoyi anaiphunzila kumigodi ya ku Kopala ali mnyamata. Anabwelako ndi chifuwa chosatha, khutu limodzi logontha, ndi mutu wouma umene ndikukhulupilila anapita nawo kuchokela kuno.

Akafika pamalo, moni wawo unali umodzi: zimitsani zonse. Kompulesa, injini, wailesi, ngakhale pakamwa pa folomani. Kenako anali kukhala pansi, n'kuika khutu lawo labwino lija pa lodi, n'kugogoda ndi sipanala pang'onopang'ono. Anyamata anali kutsinana, ena kusekela m'manja. Iwo osalabadila. Akadzuka anali kunena kuti chagwila ndi mchenga, kapena mwala wagwela m'mbali, ndipo kawilikawili zinali kupezeka momwemo. Anali kukonda kunena kuti nthaka si mbala, siba chitsulo cha munthu, imangogwila ngati khanda logwila chala, ndipo ukakoka nayonso imalimbitsa. Lamulo lawo linali lakuti chogwidwa uyambe wachikankhila pansi usanachikokele kumwamba. Wachinyamata aliyense wothamangila kukoka anali kumuuza kuti fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo anali kumuuza mokuwa, poti ogontha sadziwa kunong'ona.

Maso awo a pansi pa nthaka anali phula. Kuseli kwa nyumba yawo ku Petauke anali ndi ming'oma ya njuchi, koma uchi analibe nawo nchito, anali kungogawila aneba. Iwo chimene anali kufuna ndi phula. Anali kulisungunula, n'kulithila m'kachitsulo kozungulila, likauma n'kulitsitsila m'dzenje mpaka litakhudza chotsalacho. Likatuluka linali kubwela ndi chidindo cha mutu wa chitsulo chija, ndipo iwo anali kuliwelenga nthawi yaitali, kulitembenuza uku ndi uku. Kuchokela pamenepo anali kudziwa ngati chaduka mowongoka, ngati chapendekeka, ngati chaphwanyika kukamwa.

Phula limenelo linadya mapoto a alongo anga osawelengeka. Tsiku lina ndinafika ndikumva kuchokela kumsewu: "Yonamu! Poto wanga watsopano uja!" Iwo ali phee, akutakasa ndi kamtengo, akuti poto wakale amadetsa phula. AEsinati anawathamangitsa ndi chipande mpaka kuming'oma, kumene anadziwa kuti mkazi wawo safikako. Madzulo ake ndinawapeza akudyela limodzi mbatata ngati sipanachitike kanthu.

Mbedza zawo anali kusula okha, kuchokela ku masipuling'i a malole ndi zitsulo zotayidwa. Zinali za mitundu iwili. Ina anali kuitcha ng'ona, chifukwa imameza chitsulo chotsalacho kuchokela kunja n'kuchiluma ndi mano am'kati. Ina anali kuitcha mkondo, chifukwa imalowa m'kati mwa mpope woduka n'kudzikanikiza momwemo. Sanali kukhulupilila mbedza zogula. Ankati chitsulo chilichonse chimaduka mwa mtundu wake, ndiye chiyenela kusulilidwa mbedza yakeyake. Ikagwila nchito anali kuipachika pakhoma la shedi yawo, ndipo sanali kubweleketsa ngakhale kwa m'busa. Anthu okumba miyala yamtengo wapatali m'mapili a Nyimba nawonso anali kubwela, nsonga za makina awo zikakanilila m'thanthwe. ADaka anali kuwathandiza, koma poyamba anali kuwatukwana bwinobwino chifukwa chokumba mosathila madzi.

Ine ndi iwo tinakangana zaka makumi atatu. Ndinali dalaivala wa lole yonyamula makina, ndipo iwo ankati ndimasintha magiya ngati munthu wopha njoka. Ine ndinali kuwayankha kuti munthu woyenda panjinga asaphunzitse a malole. Tinali kukangana za mpila, za nyimbo za kutchalitchi, za njila yachidule yopita ku Luembe. Sindikumbuka tsiku limene anati, alamu apa mwanena zoona. Ngakhale mutawagwila poyela, anali kungotsokomola n'kusintha nkhani. Tinali kuseka nalo khalidwe limenelo. Sitinadziwe kuti ndi lomwelo lidzatipweteka tonse.

Anali ndi ana asanu, aakazi anayi ndi wamwamuna mmodzi, Gideoni. Anamuphunzitsa zonse, kumvela lodi, kuwelenga phula, kuwotchelela zitsulo. Pofika zaka makumi awili ndi zisanu Gideoni anali akuyendetsa yekha makina okumba, ndipo dzanja lake linali lofewa kuposa la atate ake. Ndikunena ine amene ndinaona onse awili. Koma aDaka sanamuyamikepo pamaso. Kumbali, kwa ine, ndi kumene anali kunena kuti mwana uja ali ndi khutu. Ndikawauza kuti muuzeni mwini wake, ankati mwana ukamutama amanenepa mutu.

Tsopano za ku Luembe. Unali mwezi wa Sepitembala, kutentha kosati masewela. Mudzi umene tinapitako unali kumwa madzi ofukula mumchenga wa kamtsinje kouma, ndipo pamene tinali kukumba, azimayi anali atakhala kale pamthunzi ndi zidebe zawo. Tonse atatu tinalipo: ine ndi lole yanga, Gideoni pamakina, aDaka atatengedwa ndi kampani kuti aziyang'anila zitsulo chifukwa makinawo anali okalamba. Titafika mamita makumi anayi ndi asanu ndi atatu, fumbi linayamba kutuluka lonyowa. Azimayi anayamba nthungululu. Nthawi yomweyo biti inagwidwa.

Ine ndinali chapafupi, ndipo khutu la dalaivala limadziwa injini. Gideoni anachita monga anaphunzitsidwa. Anaima, anakankhila pansi, anazunguza pang'ono, anapemelela mpweya. Kenako anayamba kukweza mwaulemu, injini osalila n'komwe. Tinangomva kuti thu! pansi pa nthaka, makina n'kupepuka.

Anatulutsa malodi onse, limodzilimodzi, mpaka kufika pa kachitsulo kafupi kolumikiza malodi ndi hamala. Kanali kataduka pakati. Gideoni anakamasula yekha, anakayang'ana, n'kukapeleka kwa atate ake. Folomani anali akulumpha uku ndi uku, akufunsa kuti walakwitsa ndani, hamala yonse yapita, akanena chiyani kwa mabwana. Nthungululu zinali zitatha. Mudzi wonse unali kuyang'ana.

ADaka anayang'ana kachidutswako kamodzi, n'kukaponya m'thumba lawo la zida. Kenako anatembenukila kwa mwana wawo.

"Wakoka," anatelo.

Gideoni anangowayang'ana.

"Wakoka, chitsilu iwe! Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa mbuzi? Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Usadzapondenso pakhomo panga mpaka chitsulo chimenecho chitatuluka m'dzenjemo!"

"Ndamva, atate," anatelo Gideoni.

Anasamba m'manja ndi dizilo, anatenga kachikwama kake m'lole, n'kuyamba kuyenda kuloza kumsewu waukulu. Ine ndinaima pomwepo ngati chitsa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ine ndiye malume wake, mwini mbumba, mawu anga akanamveka. Ndinadziwa kuti sanakoke. Koma ndinati mumtima ndi mkwiyo chabe, pofika mailo zizizila. Ndinakhala chete, ndipo mpaka lelo ndimadzida nazo.

Kampani inalisiya dzenjelo. Tinasuntha mapazi khumi, tinabweleka hamala ina, tinakumba, madzi anatuluka ambili. Anthu a m'mudzi anaiwala. ADaka okha, tisananyamuke, anadula chitsulo chafulati n'kuvundikila dzenje lakale lija, n'kutsindikapo mwala.

Gideoni anakathela kumigodi ya ku Solwezi. Patapita miyezi iwili ndinavala jekete n'kupita ku Petauke monga malume.

"Alamu, bwezani mawu aja. Mwana abwele."

Anali akusula chinachake, sanatukule ndi mutu womwe. Anati mawu a munthu wamkulu, onenedwa pamaso pa mudzi wonse, sabwezedwa ngati mchele wobweleka. Anati anaika malile, ndipo malilewo ali ndi khomo lake: chitsulo chituluke, mwana alowe. Ndinawafunsa kuti achitulutsa ndani, poti mwini wake mwamuthamangitsa. Anandionetsa chimene anali kusula. Inali ng'ona.

Kuyambila chaka chotsatila, akangotha kukolola mu Juni, anali kukweza zida zawo pa lole iliyonse yopita ku Nyimba, n'kumalizitsa panjinga mpaka ku Luembe. Anaimika mitengo itatu ya bulugamu pamwamba pa dzenje, n'kupachikapo cheni buloko, chija chokwezela zolemela pokoka unyolo ndi manja. Mipope anali kutsitsa okha, umodziumodzi, mpaka pansi, n'kuitulutsanso. Ulendo umodzi wotsitsa ndi kukweza unali kudya tsiku lathunthu. Anali kukhalako milungu itatu, mwina inayi, kugona kwa mphunzitsi wina wopuma nchito amene anawamvela chisoni.

Zaka ziwili zoyamba phula linali kungobwela ndi mchenga, chifukwa dzinja lililonse dzenje linali kudzikwilila. Anapanga chidebe chachitali chokhala ndi chitseko pansi, n'kumauchotsa mchengawo pang'onopang'ono. Chaka chachitatu phula linabwela ndi chidindo cha theka, ndipo anati chitsulo chatsamila kukhoma, n'chifukwa chake ng'ona ikungochidutsa. Anasula ina ya mlomo wokhota yoti ichiwongole. Chaka chachisanu inaluma, anakoka masiku awili, kenako inapulumuka, unyolo n'kuwadula zala ziwili za kumanzele. Azimayi opita kumjigo anali kuwaseka poyamba: "Mwagwila zingati lelo, aMsodzi?" Pambuyo pake analeka kuseka, anayamba kuwasiyila chiponde ndi mbatata pamwala.

Uku nako moyo sunaime. Gideoni anakwatila, aDaka kuukwati kunalibe. Kunabadwa ana awili. Akabwela kudzaona amake, anali kufikila kwanga ku Nyimba, ndipo alongo anga anali kukwela minibasi kudzamuona ngati wodwala wa m'chipatala. Amake anamuchondelela, analila, anamugwila miyendo kuti tiye kunyumba, atate ako sangakuthamangitse. Iye ankangoti, "Amama, atate ananena." Pobwelela ku Petauke aEsinati anali kusiya dala foni yawo patebulo, zithunzi za adzukulu zili poyela. Akuti aDaka anali kudikila mkazi wawo apite kumunda, ndiye n'kuitenga. Kukanikiza sanali kudziwa bwino, ndipo kangapo anafufuta zithunzizo mwangozi n'kumanamizila batile.

Chaka china ndinapsa mtima. Ndinawapeza padzenje paja, milomo itauma, akutsokomola ngati atulutsa mapapo.

"Alamu, kodi mwapenga? Foni nayi. Mawu awili chabe, mwana wanga bwela. Zaka zonsezi mukufela chitsulo chadzimbili?"

"Simungamvetse, inu ndinu a magiya," anatelo. "Gwilani unyolo uwo, mukoke pang'onopang'ono. Ndati pang'onopang'ono!"

Ndinagwila unyolo. Ndikanatani?

Chinatuluka chaka chachisanu ndi chinayi. Gulu lina linali kukumba pasukulu ya pafupi, ndipo folomani wake anali munthu amene aDaka anamupulumutsapo kawili. Anawapatsa makina tsiku limodzi la Chiwelu, ndipo nanenso ndinalipo. Anapemelela mchenga wonse ndi kompulesa, anatsitsa ng'ona yachisanu ndi chiwili, inaluma. Mnyamata wa pamakina anafuna kukweza, aDaka anamumenya padzanja. Anamuuza akankhile pansi, akweze pang'ono ngati chala, akankhilenso. Anachita zimenezo kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, khutu lawo lili pa lodi. Kenako anadzuka n'kunena motsitsa kuti, "Yasiya. Kweza."

Hamala inatuluka yofiila ndi dzimbili, biti ili kunsi kwake, matope akuchucha. Anthu anakuwa, ena anavina. ADaka anakhala pansi m'matope momwemo, n'kuika dzanja lawo la zala zitatu lija pachitsulocho. Sindinawaonepo akulila, ngakhale pamalilo a amai awo, koma tsiku limenelo mapewa awo anali kugwedezeka. Atapuma anandiitana.

"Alamu, muimbileni. Muuzeni kuti chatuluka."

Ndinaimba pomwepo, mtima uli m'mwamba. "Gideoni, mwana wa mlongo wanga, chitsulo chija chatuluka! Atate ako akuti ndikuuze."

Iye anafunsa kuti, "Anenanso chiyani, amalume?"

"Basi, chomwecho. Chatuluka."

"Chabwino. Ndamva."

Sanabwele. ADaka anapaka laimu chipinda chake chakale, anagula mphasa yatsopano ndi timipando tiwili ta ana. Masana aliwonse anali kupita kumsewu waukulu, kukakhala pamthunzi pamene mabasi ochokela ku Lusaka amaima, n'kumayang'ana otsika mmodzimmodzi. Khisimasi inadutsa. Isitala inadutsa. Ine ndinamukwiyila Gideoni, ndinamuimbila n'kumuuza kuti ndi mwana wouma mtima, nkhalamba yataya zala chifukwa cha iye. Sanandiyankhe mwano. Anangoti, "Amalume, mukudziwa mbali imodzi."

Chifuwa chija chinawagwetsa mu Ogasiti. Ananditumizila uthenga kuti ndibwele. Ndinawapeza m'shedi, atafunda bulangeti masana dzuwa likuswa mtengo, hamala ija ili pabenchi patsogolo pawo. Anandiuza ndiwapatse thumba lawo lakale la zida. Anapisamo, n'kutulutsa kachidutswa kaja kamene anakaponyamo tsiku la ku Luembe, atakakulunga m'nsanza ya mafuta. Anakaika pamutu pa hamala, pamene panaduka. Zinalumana ndendende.

"Onani apa, alamu."

Ndinaona mzele wakuda wozungulila, wokhala ndi timabowo ting'onoting'ono ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe.

"Kachitsulo aka kanang'aluka mlungu umodzi tisanapite ku Luembe. Katsopano kanali kutali, ku Lusaka. Ndinakawotchelela ine, muno m'shedi, ndipo ndinauza folomani kuti kalimba. Moto sunalowe m'kati. Mwana sanakoke. Ndinaona tsiku lomwelo."

Kalanga ine! Magazi anandikwela kumutu. Ndinaiwala kuti ndikukamba ndi wodwala.

"Zaka khumi, alamu! Zaka khumi mlongo wanga akulila, adzukulu anu sakudziwa ndi pakhomo pano pomwe, inu mukudziwa? Munasankha kudula zala kusiyana n'kunena kuti ndinalakwa?"

Sanadziteteze. Anati tsiku lija anaona mudzi wonse ukuwayang'ana, folomani akufuna dzina la munthu, ndipo pakamwa panathamanga. Anati pambuyo pake anaganiza kuti akachitulutsa ndi manja awo, ndiye kuti alipila, mwana adzamva yekha popanda kukamba. Nchito yachitsulo ndi imene anali kuidziwa.

Ndinatulutsa foni, ndinaimba, n'kuwaika pakhutu lawo labwino. "Nenani. Manje, ine ndili pano."

Ndinali kumva mawu a Gideoni patali. "Halo, amalume?"

"Gideoni," anatelo aDaka.

"Atate."

Kunali koyamba kumvana mawu kuchokela ku Luembe. ADaka anatsegula pakamwa, anatseka. Anayang'ana hamala, anayang'ana ine.

"Kodi uko mvula yagwa?"

"Iyayi, atate. Sinagwe."

"Kunonso sinagwe," anatelo. "Chabwino."

Anandibwezela foni. Ine ndinaimilila, ndinawauza kuti ndinu munthu wamantha amene sindinamuonepo, ndipo ndinatuluka osatsazika. Amenewo ndiwo mawu anga omaliza kwa alamu anga. Ndikanatha kumuimbila Gideoni ndekha n'kumuuza zonse, koma ndinati ayi, zichoke pakamwa pa mwini wake, nkhalamba iphunzile. Foni inali m'thumba mwanga masiku anayi. Tsiku lachinayi m'mawa aEsinati anaimba, akungolila.

Gideoni anafika tsiku loika malilo, ndi mkazi wake ndi ana. Anaima m'mphepete mwa bwalo, pamene mpanda umathela, anthu onse akumuyang'ana. Amake anamuthamangila, anamukoka dzanja. Iye anawakumbatila, koma phazi osasuntha. Anandiyang'ana ine n'kufunsa kuti, "Amalume, chili kuti?" Ndinaloza m'shedi, chitseko chinali chotsegula, hamala ikuoneka pabenchi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa pakhomo pa atate ake.

Titabwela kumanda ndinamutengela m'shedi, n'kumuonetsa zidutswa ziwili zija. Ndinayamba kufotokoza. Anandigwila mkono.

"Ndikudziwa, amalume. Si ndine ndinakamasula? Welodi ya atate, kawotcheledwe kawo, ndinali kuidziwa ngati siginecha yawo."

"Nanga bwanji sunanene, mwana iwe?"

"Pamaso pa folomani ndi mudzi wonse? Ndani akanawaitananso? Ine ndinali mnyamata, ndikanapeza nchito kwina. Iwo analibe china koma dzina." Anakhala pa chitsa chimene atate ake anali kukhalapo posula. "Sindinali kudikila chitsulo, amalume. Chikanakhala momwemo mpaka kalekale. Ndinali kudikila kuti andiuze chabe kuti akudziwa kuti sindinakoke."

Ndinamuuza kuti atate ake anayesa, tsiku la foni lija, koma anakanika.

"Sanakanike," anatelo. "Atate, munthu wodziwa nyengo kuposa a pawailesi, kufunsa za mvula mu Ogasiti? Ndinamva zimene anali kunena. Ndinapita kwa abwana tsiku lomwelo kukapempha tchuthi. Anandipatsa cha kumapeto kwa mwezi. Matikiti a basi tinali titagula, a tonse anayi. Ndinafuna kuti angotiona tikutsika."

Apa ndi pamene analila, ndipo ine sindinathe kumutonthoza chifukwa nanenso ndinali kulila. Gideoni akanandiuza za matikiti, ndikanawauza atate ake. Ine ndikanamuimbila, akanakwela basi ya tsiku lomwelo. Tonse atatu tinali kudikilana, aliyense atagwila chidutswa chake, mpaka nthawi inatha.

Asanabwelele ku Solwezi anandipempha ndimpelekeze ku Luembe. Anabweleka makina owotchelela ku Nyimba, tinawakweza pa kabanki, kagalimoto kotsegula kumbuyo ka mnzanga. Anachotsa mwala uja, anapukuta chivundikilo, n'kuchiwotchelela kukamwa kwa dzenje kuzungulila konse, mosathamanga, akuima kawilikawili kuti moto ulowe. Atamaliza anagwetsa mitengo itatu ija n'kuipeleka kwa azimayi kuti akawaze nkhuni. Zida za m'shedi sanatengeko ngakhale chimodzi. Anati sadzawedzanso.

Ndinadutsako mwezi wathawu, popita kukaona wachibale wodwala. Mjigo ukugwilabe nchito, ana akupopa, zidebe zili pamzele. Mapazi khumi kuchokela pamenepo pali chitsulo chafulati chija, chayamba dzimbili, udzu wachizinga. Maenje atatu a mitengo ija akuonekabe, odzala masamba. Pamene aDaka anali kuima pokoka unyolo, nthaka inalimba kotelo kuti mpaka lelo sipanamele kanthu. Pansi pa chivundikilocho pali dzenje loyela bwino, lowongoka, lopanda chilichonse chotsekeleza, ndipo palibe amene adzatungemo. Mai wina wachikulile anandizindikila, anatula chidebe, n'kundiuza kuti chaka chino Juni atafika anakazinga nshawa, anasinja chiponde monga mwa nthawi zonse, ndipo anakumbuka kuti aMsodzi kulibenso atafika kale nacho pamwala.